Matimati a ku Angónia akundiwolera pa benchi, ndithandizeni nzeru

Nachisale: Moni nonse a m'gulu. Ndimagulitsa matimati ndi kabichi mumsika wakale wa pakati pa tauni ya Tete, pa benchi lomwe ankakhala malemu amayi anga. Katundu ndimakapikula ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Chilowereni Okutobala uno, ndikati ndikhuthule bokosi ndikupeza apansi onse aphwanyika, madzi ali chuchuchu. Ogula nawo achepa, ikamakwana 10 koloko mumsika muli zii. Tikiti ya msika ndiye ndi ya tsiku ndi tsiku, ugulitse usagulitse. Anzanga mukutani kuti mpamba usathe?

A Phiri adalaivala: Achemwali, galimoto yanu imanyamuka nthawi yanji? Ku Angónia n'kumtunda kozizira, koma mukangodutsa pa Mussacama kutsetserekera ku Moatize mwalowa m'ng'anjo. Miyezi ino kuno ku Zambezi kutentha kumapyola madigiri 40. Pakirani madzulo, yendani usiku, m'bandakucha ukupezeni pa mlatho. Ndipo mukhalepo nokha popakira, chifukwa anyamata amasanjika matumba a mbatatesi pamwamba pa mabokosi, ena n'kukhalaponso.

Nachisale: Timanyamuka m'mawa achimwene, kufika kuno dzuwa lili paliwombo.

Mayi a Joana: Ndiye pamenepo. Ine ndimalima ku Tsangano, ndikuuzeni za kumunda. Musamatenge ofiira psuu, amenewo ndi ogulitsa tsiku lomwelo. Koma obiriwira nawonso ayi. Matimati akamapsa pamalo potentha kupyola madigiri 30 safiira bwino, amangochita chikasu, wogula n'kumawanyoza. Uzani mlimi akuthyolereni ongoyamba kufiira, olimba mukawagwira, ndipo athyole m'mawa kapena madzulo. Bokosi lisadzaze mpaka kusefukira, lapamwamba likhale pa matabwa a linzake, osati pa zipatso.

Bambo a Tiago: Bwanji osamawawaza madzi pafupipafupi ngati mmene timachitira ndi masamba?

Mayi a Joana: Ayi bambo, masamba ndi ena. Madzi akalowa pong'aluka kapena pa phesi, kuwola kumayambira pomwepo. Nyowetsani chiguduli, muchifinye, muchiyale pamwamba pa dengu pamthunzi podutsa mphepo, chisakhudze matimati. Mpweya wa ku Tete ndi wouma nyengo ino, chiguduli chikamauma pansi pake pamazizirira. M'mawa uliwonse sankhulani, wofewa asagone ndi anzake.

Gogo Nabanda: Ana anga, za mabokosi mwanena bwino, koma mwadumpha mawu achiwiri a mwanayu: ogula achepa. Ine ndakalambira mumsika momwemo. Kale anthu ogula ankakhala pafupi, amabwera wapansi ndi dengu, umawadziwa ndi ana awo omwe. Tsidya linalo la Zambezi kunalibe nyumba zambiri chonchi. Mlatho wa Samora Machel utatha cha m'ma 1973 kuwoloka kunaphweka, kenako ntchito za malasha ku Moatize zinadzaza anthu ku Matundo ndi ku Chingodzi. Tsopano mayi wa ku Chingodzi alipire chapa (minibasi), awoloke mtsinje dzuwa limeneli, chifukwa cha mulu umodzi wa matimati? Amagula pakhomo pake, kapena ku msika wa Cambinde. Wa mbali ya kuno wofuna zambiri amathamangira ku msika wa Kwachena. Msika wathu sunafe ayi, koma otsala ake ndi ena: ophika m'malesitilanti, amayi ogulitsa nsima, ndi apantchito ogula akamaweruka. Iwe ukupikulabe mabokosi amene ankapikula mayi ako, pomwe anthu a mayi akowo anasamuka.

Nachisale: Agogo, mwalasa. Koma benchi limenelo sindingalisiye, ndikachokapo sindidzalipezanso.

Gogo Nabanda: Ndani wati ulisiye? Chepetsa katundu. Yenda m'makhitchini ozungulira msikawo m'mamawa, ulankhule ndi ophikawo maso ndi maso. Ofewa aja iwo amawafuna a supu, uwapatse motsitsako, uikepo ndi basela. Kutaya ndiye ayi.

A Phiri adalaivala: Ndiwonjezerepo. Galimoto yochokera ku Angónia imayamba yadutsa ku Chingodzi ndi ku Matundo isanawoloke. Ngati muli ndi m'bale kumeneko, tsitsani theka, azigulitsa madzulo dzuwa likapepa, pamene amayi amatuluka kukagula ndiwo. Ena inu muwoloke nawo. Magalimoto aakulu olemera amazungulira ku mlatho wa Kassuende, choncho mufunsiretu dalaivala njira yake musanapakire.

Bambo a Tiago: Ine ndimapikula anyezi ndi mbatatesi komweko. Vuto la katundu wochepa ndi mtengo wa galimoto. Tikasonkhana anthu anayi kapena asanu, titha kumabweretsa kawiri pa sabata m'malo mwa kamodzi, aliyense pang'onopang'ono. Ndalama timutumizira mmodzi pafoni, pa M-Pesa kapena e-Mola, sitipita tonse.

Nachisale: Mng'ono wanga amakhala ku Matundo, ndamuimbira wavomera. Bambo a Tiago, ndilembeni, ndine woyamba. Mayi a Joana, mungandipezere ongoyamba kufiirawo Lachitatu likudzali?

Mayi a Joana: Apezeka. Munditumizire uthenga Lolemba kuti ndi mabokosi angati, ndithyole Lachiwiri madzulo.