Irony ya mu Macbeth ikundizunguza mutu

Fomu4_Ntcheu:
Akuluakulu, ndili Fomu 4 pa CDSS ina kuno kwathu. Simile ndi metaphor sizindivuta, ndikaona "like" kapena "as" pofanizira ndimadziwa kuti ndi simile. Personification nayonso ndimaizindikira. Koma irony yokhayi ayi ndithu. Aphunzitsi anatilembera pabolodi kuti ilipo mitundu itatu, verbal, situational ndi dramatic, tinakopera, belu n'kulira. Nanga mu Macbeth, sewero la Shakespeare lija, ndingaisiyanitse bwanji? Komanso sarcasm ndi irony n'chimodzimodzi? Bukuli timachita kubwerekana, ndiye likandifika ndikufuna ndidziwiretu potsegula.

MphunzitsiWopuma:
Mwanawe, leka kuloweza zapabolodizo. Uzidzifunsa kuti: apa akudziwa zoona ndani?

Tsegula Act 1 Scene 6. Mfumu Duncan ikufika ku Inverness, kunyumba ya Macbeth, n'kuyamba kuyamikira kuti malowo ndi abwino, kamphepo kake kotsitsimula. Iwe woonera wamva kale Lady Macbeth akukonza zoti mfumuyo isadzaone dzuwa la mawa. Iwe ukudziwa, Duncan sakudziwa. Imeneyo ndiye dramatic irony. Ina yomwe ine ndimaikonda ili mu Scene 4: Duncan akudandaula kuti mtima wa munthu sungaudziwe poyang'ana nkhope, akunena za Thane (nduna) wa Cawdor amene anamuukira. Asanapume n'komwe, akulowa Macbeth, yemwe wangopatsidwa kumene udindo womwewo. Shakespeare apa anachita dala.

Verbal ndi pomwe wolankhulayo akudziwa bwino kuti akunena zosemphana ndi zomwe zili mumtima mwake, ndipo akufuna womvayo atolepo. Werenga mawu a Lennox, mmodzi wa nduna, mu Act 3 Scene 6. Akuchita ngati akuyamikira Macbeth chifukwa chopha alonda a mfumu aja, koma munthu wa makutu akumva kuti akumuloza chala pa imfa ya Duncan.

Situational ndi pomwe zinthu zatembenuka mosiyana ndi momwe zimayembekezeredwa. Macbeth anadalira ulosi woti wobadwa kwa mkazi sangamuphe. Wamupha ndani? Macduff, amene anachita kutulutsidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane.

Nachisale_BT:
Zoona aphunzitsi. Pa sarcasm paja ndiyankheko ine, mng'ono wanga. Ukaswa mbale amayi n'kunena kuti "wachita bwino, bweretsa inanso uswe," ndi verbal irony yomwe ija, kungoti iyi cholinga chake n'kukubaya. Si verbal irony iliyonse yomwe ili yonyoza.

Koma chomwe chimadyetsa anthu malikisi ndi china. Ambiri amangolemba kuti "this is dramatic irony" basi, n'kupita funso lina. Wochonga akufuna uonetse kuti chipangizocho chikugwira ntchito yanji. Pa Duncan paja unene kuti tikumumvera chisoni, tikuchita mantha m'malo mwake, ndipo kuipa mtima kwa eninyumba kukuonekera poyera. Kutchula dzina lokha ndi theka la yankho.

Fomu4_Ntcheu:
Zikomo aphunzitsi, zikomo achemwali. Nanga nkhalango ya Birnam yoyenda ija kupita ku Dunsinane, pomwe Macbeth anadalira ulosi woti sadzagonja mpaka nkhalangoyo itayenda, tiziti situational?

MphunzitsiWopuma:
Eya, ukhoza kutero. Koma taona bwino: mu Act 5 Scene 4 timamumva Malcolm, mwana wa Duncan, akulamula asilikali kuti aliyense adule nthambi adzibise nayo, Macbeth asanamve kalikonse. Kuyambira pamenepo ife tikudziwa, iye ayi. Ndiye malo amodzi akhoza kunyamula mitundu iwiri. Sankha umodzi, upereke umboni wa m'bukumo.