Kodi kholo lili ndi ufulu wokhala nawo pamsonkhano wokonza maphunziro a mwana wake amene ali ndi vuto la kumva?

Moni nonse apagulu pano, makamaka aphunzitsi ndi makolo amene mukulera ana aulumali. Ndine mayi wa ku Linthipe m'boma la Dedza, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11 ndipo ali mu Sitandade 4. Anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 5, ndipo chichirireni khutu la kumanja silimva. La kumanzere limamvako ngati wolankhulayo ali pafupi. Kunyumba timayamba tamukhudza paphewa tisanalankhule, ndipo iye amatsatira milomo mwaluso moti mlendo sazindikira msanga kuti pali vuto.

Sabata yatha ahedi anandiitanitsa, koma nditafika ndinapeza nkhani itatha kale. Iwowo, aphunzitsi a kalasi yake ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera amene amayendera sukulu za m'zoni yathu anali atakumana paokha, nalemba ndondomeko ya maphunziro a mwanayu imene ankaitchula kuti IEP. Anagwirizana kuti abwereze kalasi, kenako akapitirize kusukulu ya ana osamva ya ku Mua. Kwa ine kunatsala kusaina kokha. Pepalalo linali la m'Chingerezi, ndipo nditapempha kuti ndipite nalo kunyumba wina akandiwerengere modekha, anandiyankha kuti silichoka mu ofesi.

Sindinasaine. Sikuti ndikunyoza sukulu ya ku Mua, chifukwa ndikudziwa kuti kumeneko ana amaphunzira m'chinenero chamanja, ndiponso ndimalemekeza aphunzitsi amene anakaphunzira ntchitoyi kukoleji ya Montfort ku Nguludi. Chondiwawa n'chakuti pa anthu atatuwo panalibe amene anandifunsa kuti khutu lomwe limamva ndi liti. Mwanayu amakhala kumbuyo cha kuzenera, khutu labwinolo litaloza panja, m'kalasi ya ana oposa 100, ndipo nthawi zambiri aphunzitsi amalankhula akulemba pabolodi, milomo yawo yosaoneka. Akhoza bwanji mayeso pamenepo? Asanamuchotse pakhomo kuti atsike msewu wa Khwekhwerere kukagonera kusukulu ya ku Mua, kutali ndi ine ndi azing'ono ake, ndikadakonda atamukhazika kutsogolo kwa teremu imodzi yokha kuti tione ngati sangasinthe. Izi ndikadazinena pamsonkhanopo akadandiitana.

Ndikudziwa kuti lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu ya pulayimale, ndiponso kuti mu 2017 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Ngati udindo womutumiza kusukulu uli pa ine, zingatheke bwanji kuti pokonza za maphunziro ake ndikhale wongouzidwa?

Tsono ndithandizeni. Kodi ndili ndi ufulu wopempha kuti msonkhanowo uchitikenso ine ndilipo, ndipo zolembedwazo andimasulire m'Chichewa ndisanasaine? Kodi n'zololedwa kupita ndi amalume ake a mwanayu, poti kwathu kuno nkhani yaikulu chonchi siingathe eni mbumba osadziwa? Nanga ahedi akakana, ndiyambire kukomiti ya sukulu kapena ndipite kwa mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'zoni yathu (a PEA) ku ofesi yawo ya kuzoni (TDC)? Wina wandiuzako za bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM. Amene munagwirapo nalo ntchito, kodi limaperekeza makolo pankhani ngati zimenezi?

Mantha anga ndi akuti ndikalimbikira kwambiri, aphunzitsi angayambe kumuona mwanayu ngati wa mayi wovuta, pomwe iye ndi amene amakhala nawo tsiku lonse. Aphunzitsi muli pano, mundiuze moona mtima mmene kholo lingalankhulire osaoneka ngati likuderera ntchito yanu. Ahedi anena kuti ndipitenso Lachinayi m'mawa ndi yankho langa.