Makadi 40 opanda mfumukazi: ngoperewera kapena?

Wa ku Limbuli: Akuluakulu, pali makadi ochokera kutsidya kwa Muloza. Alipo 40 okha, 8 ndi 9 mulibe, mfumukazi mulibenso. Zithunzi zake ndi zikho, ndalama, malupanga ndi zibonga. Kodi ena anatayika?

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Ayi achimwene, ngokwanira. Amenewo ndi makadi a ku Spain. Mtundu uliwonse umayambira 1 mpaka 7, kenako 10 ndi mnyamata, 11 ndi wokwera kavalo, 12 ndi mfumu. Onani mzere wozungulira m'mphepete: pa ndalama sudukiza, pa zikho wadukiza kamodzi, pa malupanga kawiri, pa zibonga katatu. Anachita dala kuti mudziwe mtundu mutangosuntha khadi pang'ono m'manja. Opanga otchuka ndi a Fournier a mumzinda wa Vitoria, ndipo dzina lawo amalilemba pa 1 wa ndalama. Yang'anani pamenepo.

Amayi a ku Bvumbwe: Kungowonjezera pa zimene anena aphunzitsi. Athu a 52 aja zizindikiro zake zinachokera ku France cha m'ma 1480. Zojambula za mumzinda wa Rouen, ku France komweko, n'zimene Angelezi anatengera. Zizindikirozi zinafala chifukwa mtima kapena dayimondi umangopaka utoto pa chibowo cha sitensulo, pamene chikho chimafuna mmisiri wosema thabwa. Ku Germany ena akusewerabe a masamba ndi mabelu, 32 okha pa masewera a Skat, opangidwa ku Altenburg.

Komatu musasokoneze ndi makadi 40 a masewera a Sueca a anzathu a ku Mozambique. Iwo amatenga a 52 omwewa n'kuchotsa 8, 9 ndi 10. Osewera anayi, aliyense makadi 10, ndipo 7 ndi wachiwiri kwa A pa mphamvu.

Wa ku Chitakale: Kaya ndi a kuti, kuno mdani ndi chinyezi. Khadi labwino ndi mapepala awiri omatidwa ndi guluu wakuda pakati. Liwalitseni ndi tochi kumbuyo: kuwala kukadutsa, ngotchipa, ndipo mnzanu atha kuona zimene mwagwira. Nthawi ya chiperoni m'mphepete mumafufuma, mapepala aja n'kuyamba kulekana. Musawayanike padzuwa, amapindika. Apanikizeni pansi pa buku lolemera usiku wonse, kenako muwasunge m'chitini chotseka bwino. Osewera tsiku ndi tsiku angogula a pulasitiki, amapukutika ndi kansalu konyowa.