Za lumo langa lija lokoka ndevu

Abale, paja ndinafunsa kuti bwanji lumo langa lopinda lija likumakoka ndevu chonsecho ndalinola pa mwala wa 8000 (nambala ya mwala wonolera ikamakula, mwalawo umakhala wosalala kwambiri). Pano zatheka. Ena munati ndione kaye ngati mbali ziwiri za kukamwa kwake zikukumana bwinobwino, ndiye ndinapaka inki ya cholembera cha maka yakuda m'mphepete monsemo nkulipititsa pamwala pang'ono, inki inachoka pakati pokha, kunsonga ndi kufupi ndi chogwirira inatsalira, kusonyeza kuti malo amenewo samakhudza mwala. Ndinabwerera pa mwala wokhakhala wa 1000 mpaka inki yonse kuchoka lumo nkuyamba kumeta ubweya wapamkono mbali iliyonse, kenako 4000, 8000, 12000. Mwala wosalala sungakonze zimenezo, umangopukuta basi.

Pamwala lumo ligone lonse, msana ndi kukamwa zonse zikhudze, kuthwa kutsogole ndipo muzilikoka mopingasa ngati X kuti utali wonse udyeko. Mukafika pa miyala yosalalayo osakanikizanso ayi, kulemera kwa lumo kukwana. Koma pa lamba wachikopa wosalazira lumo ndi zina, msana ndi umene umatsogola, mukafika kumapeto mutembenuzire pamsana pomwepo osadzutsa, apo bii mucheka lamba wanu. Lambayo akokedwe zolimba, akakhala wolendewera amabunthitsa kuthwa kuja.

Chromium oxide, mankhwala obiriwira opaka pa lamba aja, ine sindimukonda kwenikweni, amathandiza lumo likayamba kufooka, koma za tsiku ndi tsiku lamba wansalu kaye kenako chikopa chopanda mankhwala ndisanamete zikundikwanira. Chatsala ndi mwala wa 1000 wayamba kulowa pakati, alipo anauwongolapo ndi sandipepa wonyowa pagalasi?