Chilonda chosapola pa chida cha abambo: ndibwereze mankhwala kapena nditumize?

Namwino, Thyolo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuona bambo ena a zaka za m'ma 50, otchola tiyi, osadulidwa, omwe amamwa ma ARV. Ali ndi chilonda kunsonga kwa chida chawo chimene chakana kupola, ngakhale tawabaya benzathine (jekeseni ya chindoko) ndi kuwapatsa mankhwala a zilonda za kumaliseche kawiri konse. Khungu lakunsonga silibwerera m'mbuyo, chilondacho n'cholimba m'mbali, ndipo kuli mwanabere m'mphechepeche mbali imodzi. Akazi awo anapezeka ndi zizindikiro pa VIA (kuyeza khomo la chiberekero pofufuza khansa) chaka chatha. Kodi ndibwerezenso mankhwala?

Clinical officer, Mulanje: Musabwereze, mayi. Chilonda cholimba chimene chakana mankhwala kawiri, pa munthu wa msinkhu umenewo, tichiyese khansa kufikira zotsatira za biopsy (kupima kachidutswa ka mnofu) zitatitsutsa. Alembereni kalata apite kuchipatala cha boma kuti akadule kachidutswa ka mnofu n'kukapima, ndipo mwanabereyo mumutchule m'kalatamo, pakuti khansa imeneyi ikayamba kufalikira imayambira m'mphechepeche. Ikatsimikizika, ulendo wake ndi wa ku Queens ku Blantyre.

Za akazi awowo musazitaye. Pafupifupi theka la khansa za chida cha abambo limakhudzana ndi kachilombo ka HPV, makamaka mtundu wa 16, womwenso pamodzi ndi 18 umayambitsa khansa zambiri za khomo la chiberekero. Mitundu ya 6 ndi 11 ndiyo imabweretsa njerewere za kumaliseche. Kwa munthu amene ali ndi HIV thupi limachedwa kuchotsa HPV, ndipo khungu losabwerera lija limasunga litsiro ndi kutupa kwa zaka zambiri. Bambowo muwafunsenso za fodya, pakuti nayenso amaonjezera chiopsezo.

Namwino, Thyolo: Zikomo, achimwene. Vuto lina ndi lakuti mayiwo akuti amuna awo ndiwo anawabweretsera matenda, pomwe bambowo akupempha mdulidwe poganiza kuti uwachiritsa.

Mzamba, Mulanje: Mlandu wa amene anayambitsa musauweruze, anzanga, chifukwa HPV imakhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro, ndipo anthu ambiri amene anagonanapo amakumana nayo. Ine ndimawauza kuti chimene anthu amapatsirana ndi kachilombo, osati khansa. Onetsetsani kuti mayiwo analandira chithandizo ndiponso akudziwa tsiku lobwerera. Ngati pakhomopo pali mtsikana, funsani za katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9.

Clinical officer, Mulanje: Mdulidwe umachepetsa chiopsezo, makamaka ukachitika munthu ali mwana, koma suchiza khansa imene yamera kale, choncho bambowo asaikidwe pa mzere wa mdulidwe wamba. Abambo ambiri akamva za opaleshoni ya kumeneko amasowa, ndiye auzeni mosabisa kuti akafulumira madokotala amatha kuchotsa mbali yochepa chabe.

Namwino, Thyolo: Ndamva. Kalata ndalemba, ndipo ndapempha a zaumoyo a m'mudzi mwawo kuti akawayendere Lachisanu kukaona ngati apitadi.