Kunyumba makina akuti 15, kuchipatala tikupeza 9

Anaphiri (nesi, Ndirande): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi ena a shuga, amabaya insulin m'mawa ndi madzulo. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira kamakina koyezera shuga kunyumba. M'kabuku kawo mwadzaza ma 14 ndi ma 15 a m'mawa asanadye, koma akabwera kuno timawapeza pa 8 kapena 9. Choopsa n'chakuti anayamba kuwonjezera okha mankhwala m'jakisoni, ndiye sabata yatha anagwa pamsika, thukuta kamukamu, manja akunjenjemera. Anzawo ndi amene anawatsitsimutsa ndi madzi a shuga. Ndiwauze ataye makinawo? Yogulira ena alibe.

A Banda (labu): Musathamangire kutaya, sisitala. Masitiripi, timapepala todonthezapo magazi poyeza tija, amagula kuti, ndipo amasunga pati? Pamsikapo amagulitsa chiyani?

Anaphiri: Nthochi. Amadzuka m'bandakucha kusankha zakupsa, kenako n'kuyeza. Masitiripi oyamba atatha, akumagula asanuasanu m'kapulasitiki ka mapilitsi. Amakaika pawindo la kukhitchini kuti asaiwale.

A Banda: Basitu, mlandu wagona pamenepo. Kunsonga kwa kasitiripi kuli mankhwala amene amagwirana ndi shuga wa m'magazi, ndipo sagwirizana ndi chinyezi komanso kutentha. N'chifukwa chake kabotolo kake kamabwera ndi zoyamwa chinyezi mkati, ndipo ambiri amalembapo kuti pasatenthe kupitirira madigiri 30. Tsono taganizani pawindo, nyumba yamalata, mwezi wa Okutobala, pansi mbaula ikuyaka. Kasitiripi koonongeka sikasintha maonekedwe, ndipo kakhoza kunama mokweza kapena motsitsa.

Chachiwiri ndi chala. Munthu wagwira nthochi zakupsa n'kubaya osasamba, makina awerenga ndi shuga wa nthochi yemwe. Asambe ndi sopo, aumitse, ndiye abaye chakumbali kwa chala. Sipiriti yekha sachotsa bwino zotsekemera, ndipo asamafinye chala mwamphamvu.

Kusiyana pang'ono kuliko ndithu. Muyezo wa padziko lonse wa makina otere, ISO 15197 wa 2013, umalola makina kusiyana ndi labu ndi 15 peresenti shuga akakhala pa 5.6 kupita m'mwamba. Ndiye labu ikapeza 9, makina abwinobwino akhoza kunena 7.7 mpaka 10.3. Koma 15 ayi.

Anachisale (famase, Limbe): Ndikudziwa kuti miyala ikulunjika kwa ife ogulitsa. Zotsegula kabotolo ine ndimakana, koma ndimawamvetsa amene amachita. Munthu wabwera ndi ndalama ya masitiripi anayi, ukamuuza kuti agule onse 50 amangotembenuka, ndipo mwezi wonse sayeza. Zonsezi timaoda kunja ndi madola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi kuvuta kwa forex kuja, pena mtundu wina umangosowa miyezi.

Anthu amakopeka ndi mtengo wa makina, pomwe ndalama zimathera pa masitiripi. Woyeza kawiri pa tsiku kabotolo ka 50 kamamutha pa masiku 25, pa chaka ndi timabotolo pafupifupi 15, osawerengera tisingano tobayira ndi batire. Ndipo masitiripi a mtundu wina salowa m'makina ena. Angapo andibweretserapo makina okongola ochokera ku Joni kapena ku UK amene masitiripi ake simungawapeze mu Blantyre yense.

Sisitala, taonani ngati makinawo ndi a ka chip. Ena akale aja kabotolo kalikonse kamabwera ndi kachip ka nambala yake. Wogula asanuasanu kachip sakapatsidwa, ndiye makina amawerenga ndi nambala ya kabotolo kakale.

Anaphiri: Ndawaimbira, akuti kumbuyo kuli kanthu kolowetsa kolembedwa manambala. Sanakasinthepo chibwerereni makinawo.

A Mwale (clinical officer, Chilomoni): Zonsezi ndikuvomera, koma tisaiwale kuti tikufanizira zinthu zosiyana. Kunyumba akuyeza 5 koloko m'mawa. Kwa inu akufika mwina 10 koloko, atabaya kale, atayenda wapansi, atakhala pamzere. Shuga sakhala malo amodzi. Mwina ma 14 ena ndi oona. Yezani nthawi imodzi, munthu mmodzi, ndiye tiweruze.

Muonenso Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi. Munthu wochepa magazi, monga amene wangodwala malungo, makina ambiri amamuwerengera shuga wokwera kuposa mmene alili.

A Banda: Zoona achimwene. Abwere asanadye ndiponso asanabaye, atenge makina, masitiripi a m'kapulasitiki aja, ndi kabotolo katsopano ngati kapezeka. Magazi a kulabu muike m'kachubu ka chivindikiro chotuwa, ka fluoride. Mukaika m'kachubu wamba n'kukhalitsa patebulo, maselo amapitiriza kudya shuga, ndiye yonama imakhala labu, makina n'kupsera zosadya.

Anachisale: Kanthu kena, popeza tikukamba za makina amphatso: ena amawerenga mu muyezo wina, mg/dL, osati mmol/L wathuwu. Gogo wina anabwera akulira kuti shuga wafika 126, pomwe ndi 7 yathu yomweyi. Muzigawa ndi 18.

A Mwale: Pa nkhani ya ndalama, ine ndimasankha. Wa mapilitsi a metformin okha amene zikumuyendera sindimuvutitsa ndi kuyeza tsiku lililonse. Ofunika kwambiri ndi a insulin, ana a shuga wa type 1, amayi oyembekezera, ndi a mapilitsi a glibenclamide amene amadumphitsa chakudya. Kwa mayi ngati awa kamodzi pa tsiku mosinthasintha n'kwabwino kusiyana ndi kutha kabotolo pa ma 5 koloko okhaokha: lero asanadye m'mawa, mawa asanadye nsima yamadzulo, mkuja pogona. Asiyeko masitiripi angapo a tsiku limene thupi lawabalalika. Shuga akatsika pansi pa 3.9, amwe zotsekemera pomwepo. Ndipo muwatsindikire kuti mlingo wa insulin sasintha okha.

Anaphiri: Tayeza lero m'mawa. Kasitiripi ka m'kapulasitiki kanena 13.1. Ka m'kabotolo katsopano, titasintha kachip, 9.4. Labu 8.9. Hb ili bwino. Makina alibe vuto. A dokotala awabwezera pa mlingo wakale. Kabotolo walipira ndi mwana wawo uja, koma akufunsa ngati angamagawane ndi mnzawo wa kutchalitchi yemwe ali ndi makina ofanana.

A Banda: Kugawana ndiye kubwereranso m'kapulasitiki, ndipo kachip ndi kamodzi. Ngati ayandikana nyumba, kabotolo ndi makina zikhale pamodzi, winayo azibwera kudzayeza. Chobayira aliyense chake, zisasakanikirane.

Anachisale: Nditumizireni chithunzi cha makinawo kumbali, sisitala. Ndifunse kumene timaoda ngati ali ndi timabotolo ta 25.