Korona akapita kwa mnzake, mtsikana achite chiyani pansanja?

Wokonza_Mpikisano

Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa amene mumadziwa bwino za mipikisano ya chiphadzuwa. Atsikana amaphunzitsidwa kuyenda pa gogoda, kumwetulira ndi kuyankha mafunso, koma za khalidwe amangouzidwa kuti "mukhale aulemu," basi kwatha. Ulemu wake uti kwenikweni? Mtsikana amene wangomva kumene kuti wakhala wachiwiri aime pati, manja aike pati, anene chiyani? Nanga akaona ngati amubera, adandaule kwa ndani ndipo liti? Kuchipinda chosinthira zovala nako, kumene mikangano yambiri imayambira, malamulo akhale otani? Mpikisano wake ndi waung'ono, wa atsikana 16 ndi kampu ya masiku 5. Ndikufuna zinthu zoti zilembedwe papepala n'kuyesereredwa, osati malangizo apakamwa okha. Thandizeni.

Mphunzitsi_wa_Mayendedwe

Achemwali, mwagwira pamene ambiri amalumpha. Khalidwe la pansanja silidalira mtima wabwino wokha ayi. Mtsikana amene wakhala milungu osagona bwino, kwawo agulitsa mbuzi kuti diresi lisokedwe, akamva dzina la mnzake thupi limachita zake lokha. Nkhope imagwa, manja amazizira, wina amatsonya osadziwa n'komwe kuti watsonya. N'chifukwa chake mphindi imeneyo iyenera kuyesereredwa monga momwe amayeserera kutembenuka kumapeto kwa nsanja.

Tsiku lililonse la kampu patulani mphindi 20. Imikani atsikana atatu, wina akhale MC atchule zotsatira. Muzisinthasintha mpaka aliyense ataluza katatu n'kuwina kamodzi. Jambulani pa foni, muwaonetse. Mtsikana akadzionera yekha tsinya lake amawongoka msanga kuposa mutamulalikira ola lathunthu.

Akatsala awiri, agwirane manja onse, ayang'anizane pang'ono koma mapewa atsegukire kwa anthu. Dzina likatchulidwa, amene sanawine asataye manja a mnzake ngati wagwira khala. Awerenge mumtima mpaka 3, amukumbatire, amuuze "zabwino zonse," osaonjezera. Pokumbatirapo nkhope ipite kumbali, chifukwa lipisitiki ndi phoda zikapaka pa diresi la wopambana zimaoneka pa zithunzi zonse zimene zikujambulidwa nthawi yomweyo. Akatero abwerere masitepe awiri m'mbuyo kuti apereke malo kwa womuveka korona. Manja aziomba, asawapinde pachifuwa, asagwire m'chiuno. Kulira si mlandu. Misozi ikabwera aipukute ndi chala pansi pa diso, koma asachoke pansanja mpaka chithunzi cha onse chitajambulidwa. Lamba amene wavekedwa asavule, maluwa asawasiye pansi kapena kupatsira m'bale wake m'munsi, mpaka atalowa kuseri.

Muwauze mosabisa kuti kamera ya okonza imakhala pa wopambana, koma mafoni a anthu amakhala pa wachiwiri. Mu Januwale 2015 ku Manaus m'dziko la Brazil, pa mpikisano wa Miss Amazonas, Sheislane Hayalla amene anakhala wachiwiri anazula korona pamutu pa Carol Toledo n'kumuponya pansi. Kanema wake anazungulira dziko lonse, ndipo anthu akamatchula dzina la Hayalla lero amatchula masekondi amenewo.

Wowina nayenso aphunzitsidwe. Asathamangire kutsogolo kusiya mnzake manja ali lende. Apinde maondo pang'ono kuti womuveka asavutike, ndipo payenera kukhala munthu amene wasunga mapini atsitsi anayi omangira korona, apo ayi amagwa pa kuyenda koyamba. Akapatsidwa maikolofoni, athokoze anzake amene anali nawo pansanja asanafike kwa abale.

Zina ndi za poyenda. Pakati pa mtsikana ndi mnzake pakhale mpata wa masitepe atatu, ndipo ngati wakutsogolo wavala diresi lokwekwereza pansi, anayi. Kumapeto kwa nsanja aime masekondi 3 okha. Amene amakakamira pamenepo amadya nthawi ya mnzake, nyimbo imatha womaliza asanafike kutsogolo, ndipo oweruza amaona. Wina akagwa, wakumbuyo aime, amupatse dzanja, amulole apitirize yekha. Asamulumphe, komanso asamugwire mpaka kumapeto ngati wodwala.

Matroni_Wakale

Zapansanja azifotokoza bwino. Ine ndilowe kuseri, chifukwa nkhope yokwinya imene imaoneka pansanja kawirikawiri imakhala itayambira pa galasi.

Atsikana 16 m'chipinda chimodzi, magalasi awiri, soketi imodzi, nthawi yosinthira mphindi 4 kapena 5. Ngakhale atakhala ofatsa bwanji, pamenepa ayambana. Ndiye gawani malo mpikisano usanayambe. Matani tepi pansi, mulembe nambala ya mtsikana aliyense, mpando wake ndi hang'ala yake zikhale pomwepo. Manambalawo atoledwe mwamayere pamaso pa onse, kuti pasakhale wonena kuti uje wapatsidwa pafupi ndi khomo chifukwa ndi mwana wa auje. Pa galasi azipita motsata mmene atulukire pansanja, wotuluka woyamba ndiye woyamba kudzola.

Lamulo loyamba likhale lakuti palibe wogwira chinthu cha mnzake mwiniwake asanavomere, ngakhale pini imodzi. Nkhani zambiri za "anandiwonongera diresi dala" zimakhala zakuti wina anasuntha diresi kuti apeze poika lake, mkanda n'kukola, zipi n'kuthyoka. Madiresi akuluakulu asungidwe ndi matroni m'matumba olembedwa mayina, atuluke nthawi yake ikakwana. Zakumwa zamtundu ndi zakudya zamafuta zisalowe m'chipindamo, madzi okha, m'mabotolo otseka.

Kuti kubwerekana kusabale mlandu, pakhale bokosi la onse patebulo la matroni: mapini otsekera 50, singano zolowetsa kale ulusi wakuda, woyera ndi wofiira, tepi yomata mbali zonse, sizasi, guluu wa nsapato, mapulasitala a matuza ndi mapadi. Zodzola za m'maso asabwerekane, osati chifukwa cha umbombo koma chifukwa matenda a maso amayenda pa kaburashi komweko, ndipo izi muwafotokozere tsiku loyamba kuti wokana asaoneke woipa.

Foni zisajambule m'chipinda chosinthira. Pa ichi musanyengerere munthu. Chithunzi chimodzi chojambulidwa mosewera, kumbuyo mnzake ali pakati posintha, chikhoza kumuwonongera mbiri mpaka kalekale. Mwamuna aliyense, kaya ndi wokonza tsitsi kaya ndi wothandiza ndi ndalama, asalowe matroni asanalengeze ndipo atsikana asanavale.

Za miseche pa kampu, musadikire kuti ikule. Madzulo aliwonse khalani nawo mphindi 10, amene ali ndi chakukhosi anene pamaso pa matroni ndi mwiniwake. Ogona chipinda chimodzi muziwasakaniza, chifukwa akagona ochokera dera limodzi kapena sukulu imodzi, pofika tsiku lachitatu mumakhala ndi timagulu tiwiri tosalankhulana. Mphoto ya mtsikana wochezeka, imene m'mipikisano yambiri amavota ndi atsikana okhaokha, ivoteredwe mwachinsinsi papepala tsiku lomaliza la kampu, zotsatira zina zisanadziwike, ndipo munthu asadzivotere yekha.

Woweruza_Mipikisano

Ndikugwirizana ndi amayi ndi aphunzitsi, koma pali pamene ndikufuna tisamale. Tikamaphunzitsa atsikana kumwetulira ataluza, tisawaphunzitse kuti kudandaula ndi mwano. Mtsikana amene alibe khomo lolowera ndi dandaulo lake amakalitulutsira pansanja kapena pa Facebook. Theka la khalidwe la atsikana lili m'manja mwa okonza.

Yambani ndi kuyenerera. Zaka, ukwati, mwana, sukulu, chilichonse chimene malamulo anu akunena chitsimikizidwe polembetsa, ndi chiphaso cha unzika m'manja, ndipo tsiku lotsekera madandaulo a mtundu umenewu likhale kampu isanathe. Malamulowo alembedwe, chifukwa amasiyana mpikisano ndi mpikisano. Miss Universe inayamba kulola okwatiwa ndi amene ali ndi ana mu 2023, pamene ina sinatero. Zikasiyidwa mpaka usiku womaliza zimatha ngati za ku Colombo mu Epulo 2021. Pushpika De Silva atangovekedwa korona wa Mrs Sri Lanka, mpikisano wa amayi apabanja, Caroline Jurie, amene panthawiyo anali Mrs World, anatenga maikolofoni n'kunena kuti wopambanayo ukwati wake unatha kotero sakuyenera, ndipo anamuvula korona pansanja pomwepo n'kuveka wachiwiri. De Silva anafotokoza kuti anangopatukana ndi mwamuna wake, ukwati sunathe. Korona anabwezedwa kwa iye, Jurie anamangidwa ndi apolisi, ndipo posakhalitsa anatula udindo wake. Ngakhale Jurie akanakhala kuti akunena zoona, malo ake sanali amenewo.

Oweruza akhale 5 kapena 7, nambala yosagawika pawiri, ndipo aliyense asaine kuti alibe m'bale, wophunzira kapena chibwenzi pakati pa opikisana. Atsikana adziwe kale kuti gawo lililonse lili ndi malikisi angati. Pophatikiza, chotsani malikisi apamwamba kwambiri ndi apansi kwambiri a mtsikana aliyense, kuti woweruza mmodzi wokondera asathe kukweza kapena kugwetsa munthu payekha. Ophatikiza akhale awiri, aliyense payekha, kenako ayerekeze. Ngati awiri afanana, lamulo lowasiyanitsa likhale lolembedwa kale, mwachitsanzo malikisi a mafunso.

Khadi la MC musalipeputse. Mu Disembala 2015 ku Las Vegas, Steve Harvey analengeza Ariadna Gutiérrez wa ku Colombia ngati Miss Universe, chikhalirecho wopambana anali Pia Wurtzbach wa ku Philippines. Gutiérrez anali atavala kale korona, akubayibitsa anthu, pamene Harvey anabwerera kudzakonza, ndipo womuvula anali Paulina Vega, mnzake wa dziko limodzi. Mtsikanayo anaima chilili, osalimbana ndi munthu, pa cholakwa chimene sichinali chake. Kuti zoterezi zisakuchitikireni, malo aliwonse akhale ndi khadi lakelake, lolembedwa zilembo zikuluzikulu, ndipo MC azipatsidwa limodzilimodzi kuyambira wachitatu.

Tsopano njira ya dandaulo. Mtsikana alembe kalata kwa komiti pasanathe maola 48, atchule chimene akuchikayikira. Komiti imuonetse malikisi ake a gawo lililonse, osati a anzake, imuyankhe molemba pasanathe masiku 7. Oweruza asawatsatire kugalimoto, asawaimbire foni, ndipo mpikisano usanachitike asawatumizire mphatso kapena uthenga wapambali.

Pali nthawi imene kuchoka ndiko kudzilemekeza. Mu Novembala 2025 ku Bangkok, Nawat Itsaragrisil, mmodzi wa okonza Miss Universe, anakalipira Fátima Bosch wa ku Mexico pamaso pa anzake, mwambo ukuulutsidwa. Bosch anatuluka, atsikana ena anamutsatira, mkuluyo anapepesa, ndipo Bosch ndiye anadzawina Miss Universe chaka chimenecho. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Iye sanakane zotsatira kapena kuchotsera mnzake ulemu, anakana kunyozedwa. Atsikana anu adziwe kuti wokonza kapena wothandiza ndi ndalama akawanyoza, akawagwira kapena kuwaitanira kumalo obisika, ali ndi ufulu wokana n'kukanena kwa matroni, ndipo malikisi awo sakhudzidwa.

Wokonza_Mpikisano

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Bambo oweruza, nanga abale ndi otsatira? Mtsikana akhoza kukhala wodekha, koma azakhali ake akukuwa m'holo kuti "mwagula, mwagula," anzake akutukwana wopambana pa intaneti. Pamenepo mlandu ndi wa ndani?

Woweruza_Mipikisano

Achemwali, anthu akunja amaika mlanduwo pa mtsikana, kaya akudziwapo kanthu kaya ayi. Mu Okutobala 2024 ku Bangkok, Thae Su Nyein wa ku Myanmar anakhala wachitatu pa Miss Grand International. Mwambo utangotha, mkulu womuyang'anira wochokera kwawo anamuvula korona ndi lamba anthu akuona. Mtsikanayo naye ananena poyera kuti sakukhutira ndi malo amene anapeza, ndipo mapeto ake okonza anamulanda udindowo.

Ndiye itanani makolo kapena omuyang'anira tsiku loyamba la kampu, muwawerengere malamulo, asaine limodzi ndi mwana wawo. Auzidwe kuti pansanja ndi kuseri safikako, ndipo dandaulo limadzera mwa mtsikana, molemba. M'holo, mabanja a opikisana musawaike mzere umodzi kumbuyo kwa tebulo la oweruza, pasiyidwe mizere iwiri.

Pa intaneti, mtsikana sangaletse aliyense kulemba, koma tsamba lake ali nalo mphamvu. Ndemanga yonyoza mnzake aifufute akangoiona, asaikonde, asaigawe, asaiyankhe ndi kachizindikiro koseka. Usiku wa zotsatira asalembe chilichonse, foni aipereke kwa munthu womukhulupirira mpaka kutacha. M'mawa alembe mizere itatu kapena inayi: kuthokoza omuthandiza, kuyamikira wopambana pomutchula dzina, ndi kupempha otsatira ake kuti asanyoze aliyense. Mawu okuluwika ngati "Mulungu ndiye akudziwa" asalembe, aliyense amamva chimene akutanthauza.

Ngati muli ndi mphoto ya mavoti a anthu, ikhale payokha, isalowe m'malikisi a korona. Lengezani ola lenileni lotsekera, mujambule chiwerengero nthawi yomweyo pamaso pa mboni ziwiri, ndipo atsikana onse 16 alandire chithunzicho pagulu lawo la WhatsApp mwambo usanayambe.